Mmodzi mwa Atatu

Olemekezeka Mkulu wa yunivesite ino, amene mwatilandira ndi manja awiri, olemekezeka Wachiwiri wawo, pamodzi ndi akuluakulu onse oyendetsa sukulu ino, olemekezeka Mkulu wa Nthambi ya Masamu ndi Ziwerengero, amene munandiimbira foni mobwerezabwereza ngati ndine munthu woiwala masiku, aphunzitsi nonse, amene mukadali pa bolodi ndi amene munapuma, amisiri amene manja anu aimika makoma awa, makolo, alamu anga amene mwakhala pa mzere wakutsogolo uwu, ndi inu ophunzira, eni ake a tsiku lalero, kuphatikizapo inu amene mwaima pafupi ndi chitseko kuti zikatalika muzembe bwino: ndakupatsani moni nonse.

Akuluakulu anati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndiyesetsa. Koma amene anandiitana akudziwa bwino kuti pamene ndinali wophunzira pano anzanga ankanditcha Wayilesi, chifukwa ndikayamba kuyankhula munthu ankasowa pozimitsira. Tsono dzuwa likakuwambani, mlandu si wanga, mukafunse amene analemba dzina langa pa ndondomeko.

Ndiyambe ndi kuthokoza. Mmawa uno andiyendetsa m'chipinda chowerengera chimene tabwera kudzatsegulachi, ndipo ndaona mazenera aakulu olowetsa kuwala, ndaona matebulo aatali oti anthu n'kukhalapo moyang'anizana, ndaona makompyuta ondanda bwino, ndaona mabolodi oyera kuzungulira khoma lonse. Kwa onse amene munaganiza, amene munapempha, amene munapereka ndi amene munasenza njerwa, ndikuti ntchito mwaigwira, ndipo ana amene sanabadwe adzakuthokozani osakudziwani. Ine nditalowamo mtima unandiwawa pang'ono, ndisanamize. Nsanje inalipo, koma chachikulu ndinakumbuka kachipinda kena kamene kanali kunsi kwa masitepe a nyumba yakale ija munagwetsa, ndi anthu amene ndinkakhala nawo m'menemo.

Tsiku limene ndinauza bambo anga kuti ku yunivesite ndikaphunzira masamu, anaika pansi sipanala, chifukwa anali okonza njinga, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati, “Mwana wanga, masamu aja sanathe ku sekondale? Atsala ena?” Mayi anga nkhawa yawo inali ina. Ankati, “Mwana wa uje akukhala dokotala, wa uje loya. Nanga anzanga akandifunsa, ndiziti iwe ukukhala chiyani?” Ndikuona makolo ena kumbuyoko akugwedeza mitu. Funsolo likadali moyo mpaka lero.

Chaka chachiwiri tinakumana ndi phunziro limene aliyense ankaliopa, masamu a mwayi, aja owerengera kuti chinthu chingachitike kangati mukachiyesa kambirimbiri. Ankaphunzitsa bambo ena aatali, a jekete yotuwa ndi choko m'zigongono. Akalemba mzere woyamba pa bolodi, ankalumpha mizere yonse yapakati, n'kulemba yankho pansi, n'kunena kuti, “N'zachidziwikire.” Ife tikuyang'anana, palibe ndi mmodzi yemwe amene chamudziwikira. Dzina linawakhala pomwepo, a Zachidziwikire, moti ena anamaliza sukulu osadziwa dzina lawo lenileni. M'thumba la jeketeyo ankayenda ndi kathumba kansalu kodzaza zitsekerero za mabotolo, zina zofiira zina zoyera, zimene ankatipisitsamo dzanja pophunzitsa za mwayi. Akamabwera m'khonde tinkayamba kumva zitsekererozo zikulira, mwiniwake asanaonekere.

Phunziro limeneli linali ndi mbiri yake. Akuluakulu athu a chaka chachitatu ankatilandira ndi mawu amodzi: mwa ophunzira atatu alionse, mmodzi amalephera, ndipo wolephera amalongedza. Sankanama, nambalayo inali yoona, inachokera m'zotsatira za zaka zambiri. Tsono mantha amabala nkhanza. Mulaibulale munali mabuku ochepa a phunzirolo, ndipo munthu akalipeza limodzi ankakalibisa pakati pa mabuku a zaulimi kapena a mbiri yakale, kuti mawa adzalipeze yekha. Ukafunsa mnzako kuti funso lachiwiri walichita bwanji, ankaphimba pepala ndi chigongono n'kunena kuti, “Inenso zandivuta.” Aliyense ankawerenga payekha, akupemphera chamumtima kuti mmodzi uja akhale woyandikana naye.

Ine ndinali ndi anzanga awiri. Mmodzi wa iwo ali m'bwalo lino lero, ndipo anandipempha kuti nkhani iyi ndisainene. Pepani, munaitana Wayilesi.

Woyamba tinkamutcha Pafupifupi. Anali wonenepa, wanthabwala, ndipo sanaperekepo yankho lathunthu pa moyo wake. Ukamufunsa nthawi, “Teni koloko, pafupifupi.” Aphunzitsi akamufunsa yankho, “Ndi theka, pafupifupi.” M'chipinda cha mayeso ankayamba kutuluka ndi iyeyo nthawi zonse, ife tikadali pakati, n'kumakatidikira panja akudya buledi. Wachiwiri tinkamutcha Chete. Ameneyo ankatha tsiku lonse atanena mawu osadzaza dzanja, ndipo ndikuganiza kuti anandisankha kukhala mnzake chifukwa ndikakhalapo ine, iye sankafunika kutsegula pakamwa.

Atatufe tinapeza kachipinda kaja ka kunsi kwa masitepe, kosungiramo mipando yothyoka. Munali fumbi, zenera limodzi laling'ono, benchi imodzi yamoyo, ndi bolodi lakuda long'ambika pakona limene wina analitsamiritsa kukhoma. Tinkakumanamo masana kudya ndi kujeda aphunzitsi. Koma mvetsani bwino apa: tinkadyera limodzi, kuseka limodzi, koma kuwerenga aliyense ankawerenga kwayekha. Tinali ana a nthawi yathu.

Pakati pa chaka tinalemba mayeso oyeserera. Ine ndinadutsa, Pafupifupi anadutsa pafupifupi, Chete anagwa, ndipo anagwa zolimba. Loweruka lotsatira mmawa, ine ndi Pafupifupi titalowa m'kachipinda kaja, tinamupeza Chete atakhala pa benchi, atavala malaya ake abwino, bokosi lake lachitsulo lili pambali, lokhomedwa kale ndi loko. Achimwene ake ankayendetsa lole, ndipo anali atamuuza kuti tsiku lomwelo adutsa pa geti, akafuna akwere azikawathandiza pa msewu. Chete sanatiuze ndi pakamwa. Anangoloza bolodi.

Pa bolodipo analemba mwaudongo, monga tinkalembera umboni wa masamu. Choyamba, mwa ophunzira atatu alionse mmodzi amalephera. Chachiwiri, ife tilipo atatu. Chachitatu, mwa atatufe wotsika malikisi ndine. Choncho wolepherayo ndine, ndipo kudikira mayeso omaliza n'kutaya nthawi. Pansi pake anajambula kabokosi kakang'ono kaja kamene anthu a masamu timajambula kusonyeza kuti umboni watha, palibenso chonena.

Olemekezeka, mukanakhala anthu ena, mukanamugwira mkono mnzanuyo n'kunena kuti usapite, tikusowa. Koma ife tinali ana a masamu. Tinaima kutsogolo kwa bolodi, manja m'chiuno, kufunafuna pamene palakwika. Ndipo sitinapapeze! Ine Wayilesi ndinathima. Mantha anandigwira, chifukwa ndinaona kuti mnzanga akupitadi, ndipo ndinkakhulupirira kuti masamu ali kumbali yake.

Pafupifupi ndiye anayamba. “Aise, nanga tikapeze wachinayi? Tisankhe mbuli yeniyeni, tiziyenda nayo, nambalayi igwere iyeyo.”

Chete sanaseke. Anadzuka kuti anyamule bokosi. Pamenepo Pafupifupi anachita chinthu chanzeru kuposa zonse zimene anachita pa sukulu pano: anakhala pa bokosipo. Chivundikiro chinalira, n'kulowa m'kati.

“Dzuka,” anatero Chete.

“Sindidzuka. Ukafuna unyamule ndi ine ndemwe, achimwene akowo akalembe ganyu anthu awiri.”

Tili m'kati mokokana choncho, tinamva zitsekerero zikulira m'khonde. A Zachidziwikire analowa, akufuna mwendo wa mpando woti akakonzere wa mu ofesi yawo. Anaona bokosi, anaona munthu wakhala pa bokosi, kenako anaona bolodi. Anawerenga kuyambira pamwamba mpaka pa kabokosi, n'kubwereranso pamwamba. Ndiye ananena mawu amene palibe anawamvapo kuchokera pakamwa pawo.

“Izi si zachidziwikire.”

Anatulutsa kathumba kaja, n'kukhuthulira zitsekerero pa benchi, n'kuziwerenga kuti pa zitatu zilizonse chimodzi chikhale chofiira. Atazibwezera m'thumba anauza Chete kuti, “Pisani dzanja, mutulutse zitatu.” Zinatuluka ziwiri zofiira. “Bwezerani, mutulutsenso.” Chinatuluka chimodzi. “Kachikenanso.” Zinatuluka zitatu zoyera zokhazokha, mbee, pa chikhatho chake.

“Chofiira chili kuti?” anafunsa aphunzitsi. “Paja mwalemba kuti pa zitatu zilizonse chiyenera kupezeka. Nambala ija imanena za khamu, achimwene. Benchi yanuyi siyiidziwa, dzina lanu siyilidziwa.”

Chete anayang'ana zitsekererozo, ndipo kwa nthawi yoyamba anawayankha aphunzitsi. “Koma mayeso aja ndalephera ndithu, aphunzitsi. Imeneyo si nambala ya khamu. Ndi yanga.”

“Zoona,” anatero iwo, “ndipo sindikulonjezani kuti mudzakhoza. Koma ndifunseko. Zitsekererozi zikakhala m'thumba umu, chofiira chingapemphe choyera kuti chichifotokozere funso lachiwiri? Sichingathe. Chilichonse chili pachokha, n'chifukwa chake masamu ake ndi osavuta. Anzanu amene anabala nambala ya mmodzi mwa atatu ankakhala ngati zitsekerero. Mukuganiza kuti sindidziwa kumene mabuku anga amagona? Ndimawapeza ku zaulimi. Mukafuna nambala yomweyo, chitani zomwezo.”

Anatola choko pansi. “Kachipinda kano ndikakupempherani kiyi. Koma lamulo ndi limodzi. Choko azigwira amene sanamve. Amene wamva akhale pa benchi, azingofunsa mafunso, asanene yankho.” Apa anandiyang'ana ine. “Makamaka inu, mayi.”

Nthawi yomweyo hutala ya lole inalira ku geti. Posakhalitsa achimwene ake a Chete anatulukira pa chitseko, thukuta lili kamukamu, makiyi m'manja. “Iwe, ukubwera kapena ayi? Katundu wa eni ake akundidikira.” Anayang'ana Pafupifupi. “Nanga uyu wakhaliranji pa bokosi?”

“Ndikulisunga, achimwene,” anatero Pafupifupi. “Ndine mlonda wake, pafupifupi.”

Aphunzitsi anangotambasula dzanja, choko chili pa chikhatho. Mbali iyi makiyi a lole, mbali iyi choko, Chete pakati. Chete anayang'ana achimwene ake, anayang'ana bolodi, kenako anatenga choko n'kufufuta kabokosi kaja ndi chala.

Achimwene akewo sanakwiye. Anangoti, “Chabwino. Mayeso akatha ndidzadutsanso. Zikadzakanika, malo ako mu lole alipo.” Mawu amenewo anatsala m'kachipindamo miyezi yonse yotsatira.

Musaganize kuti zinali zokoma. Kuima pa bolodi usakudziwa kanthu, anzako akukuyang'ana, n'kowawa. Chete ankaima pamenepo, alembe mzere, afufute, alembenso. Ine yankho lili pakamwa, likundiyabwa ngati chitedze, koma lamulo likundiletsa. Ndinkangoti, “Wagawiranji ndi zinayi pamenepo?” Iye n'kuganiza, n'kuganiza, mpaka aone yekha. Ndipo ndinazindikira kuti chimene munthu wachipeza yekha ali chiimire sichimuchokanso.

Chinandidabwitsa n'chakuti choko sichinakhalitse m'dzanja limodzi. Titafika pa mbali ina ya masamu yotchedwa kalikulasi, amene sanamve ndinali ine, ndipo Chete, munthu wosayankhula uja, anali ndi mafunso obaya ngati singano. Pafupifupi naye chinamupeza. Akati, “Yankho ndi sikisi, pafupifupi,” tinkamubweza kuti pa bolodi pano palibe pafupifupi, bwerera ukatenge chotsalacho. Ankadandaula kuti tikumuphera dzina.

Mbiri inamveka. Anabwera mtsikana wina amene ankalira ndi matebulo a ziwerengero, anabwera anyamata awiri amene kale ankaphimba mapepala ndi zigongono. Tinayamba kukonza mipando yothyoka ija kuti anthu apeze pokhala. Tsiku lina m'bale wina analowa mwamanyazi atanyamula buku la masamu a mwayi, likununkha fumbi la ku zaulimi, n'kuliika pa benchi. Palibe anamufunsa. Akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu, ndipo ife tinaziona ndi maso m'kachipinda ka mipando yothyoka.

Mayeso omaliza anabwera. Pafupifupi anayamba kutuluka monga mwa masiku onse. Ine ndinatsatira. Chete anakhala mpaka woyang'anira anachita kumulanda pepala. Tsiku la zotsatira lole inaima pa geti monga analonjezera achimwene aja, ndipo ife atatu tinaima m'khonde, tikuopa kupita kumene anamata mayina. Tinamva zitsekerero. A Zachidziwikire anatidutsa osaima, n'kungoponya mawu kumbuyo: “Nonse atatu.” Pafupifupi anawathamangira. “Aphunzitsi, mwati bwanji? Mwaonetsetsa?” Iwo osacheuka anati, “N'zachidziwikire.”

Ndinalira, sindibisa. Bokosi lija linakweradi lole tsiku limenelo, koma linkapita ku tchuthi, ndipo linabwerako.

Ndikudziwa kuti ena mwa inu a chaka chomaliza mukunong'onezana kuti anthu atatu ndi ochepa, nkhani imodzi si umboni. Mwaphunzira bwino, aphunzitsi anu awonjezereni malikisi. Ine ndagwira ntchito ya ziwerengero moyo wanga wonse, kuwerenga odwala, obadwa ndi omwalira, ndipo sindingaime pano n'kunyoza nambala. Nambala ndi yoona, ndipo imapulumutsa anthu. Koma imakuuzani zimene zinachitikira anthu amene anachita zinthu mwanjira inayake. Mukasintha njira, mwayamba kubala nambala ina. Funsani ku nthambi kuno ngati lero akadali kunena za mmodzi mwa atatu.

Mukafunse kwa Mkulu wa Nthambi, chifukwa iwowo ndi amene akudziwa bwino. Taonani akuyang'ana pansi. Inde, ana inu, bambo amene mumawaopa awa, amene amakupatsani cholembera mukati simunamve n'kukuimikani pa bolodi, ndiye Chete. Bokosi lophwanyika chivundikiro lija likadali kunyumba kwawo, akazi awo anandiuza kuti analetsa kulitaya. Ombani m'manja ndithu, aziona okha chochita ndi manyaziwo. Atayamba kupempha chipinda chino, ena anawalangiza kuti aikemo timatebulo ta munthu mmodzimmodzi totchinga m'mbali, kuti ophunzira asasokonezane. Anakana. Anati akufuna matebulo aatali ndi mabolodi khoma lonse, ndipo tsopano mukudziwa chifukwa chake.

A Zachidziwikire anatisiya kalekale. Pafupifupi anakagwira ntchito yolosera zanyengo, ndipo ankati anapeza malo okhawo pa dziko lapansi pamene munthu amalembedwa ntchito kuti azinena kuti mwina. Chaka chathachi anadwala. Ine ndi Chete tinapita kukamuona kuchipatala masana ena, tinamupeza ataonda, munthu amene anaphwanya bokosi lachitsulo uja. Alamu angawa, akazi ake, anali pambali pake. Atationa tonse awiri anamwetulira, n'kunena chapansipansi kuti, “Aise, mmodzi mwa atatu uja wapezeka. Wangochedwa ndi zaka makumi anayi, pafupifupi.”

Ine Wayilesi ndinathimanso, kachiwiri pa moyo wanga. Anayankha ndi Chete. Anamugwira dzanja n'kunena kuti, “Umboni wako ndi wolakwika. Sunalephere. Wangoyamba kutuluka, monga umachitira nthawi zonse. Ukatidikire panja.”

Posakhalitsa anatisiya. Ndimamusowa mnzanga ameneyo. Lero akanakhala pano, akanakhala kumbuyo uko pafupi ndi chitseko, akuyang'ana wotchi n'kumandiuza ndi maso kuti ndatalikitsa.

Tsono ophunzira inu, chipinda ichi n'chanu. Mudzamva nambala zambiri zoopsa: kuti phunziro lakuti limagwetsa anthu, kuti atsikana m'masamu ndi ochepa, kuti ochokera ku sukulu zakuti safika patali. Muziwerenge, muzimvetse, muzifunse kumene zinachokera, koma musalongedze bokosi chifukwa cha izo. Ukakhala kuti sunamve, dzuka utenge cholembera, manyazi a pa bolodi sapha munthu. Ukakhala kuti wamva, luma lilime, funsa funso, umudikire mnzako afike yekha. Ndipo tsiku lina ukadzapeza mnzako wavala malaya abwino, bokosi lili pambali, usayambe ndi kufufuza umboni wake monga ndinachitira ine. Yamba wakhala pa bokosipo.

Olemekezeka Mkulu wa yunivesite, ndondomeko ikuti riboni ndidule ndekha. Ndikupempha chilolezo chanu kuti ndiiphwanye pang'ono. Chete, dzuka, bwera kuno. Ndakutchula dzina lakale pamaso pa ana ako, udzandikhululukira mawa. Alamu, nanunso bwerani, muime pakati pathu apa, pamalo pa amuna anu. M'kachipinda kaja tinalowa atatu, ndipo muno sitilowa awiri.

Gwirani lumo, alamu, ife tigwira dzanja lanu.

Ndi ulemu wonse, m'malo mwa amene tili pano ndi amene akutidikira panja, ndikulengeza kuti chipinda chowerengera cha Nthambi ya Masamu ndi Ziwerengero chatsegulidwa tsopano. Osati pafupifupi. Chatsegulidwa ndithu.

Zikomo kwambiri.